Yohane wa Mulungu Woyera: Yemwe Anatsekeredwa Ngati Wamisala

Pa 8 Malichi Mpingo umakumbukira Yohane wa Mulungu Woyera, nkhoswe ya odwala ndi zipatala. Iye anabadwira ku Montemor-o-Novo m'dziko la Portugal mu 1495. Anakhalapo mbusa wa nkhosa, kenaka msilikali, mpaka anakhazikika mumzinda wa Granada ku Spain, komwe ankagulitsa mabuku.

Tsiku lina, pa chikondwerero cha Sebastiano Woyera, anamva ulaliki wa wansembe Yohane wa ku Avila ndipo mtima wake unasweka. Anayamba kuthamanga m'misewu akulira, kudzigunda pachifuwa ndi kugawa katundu wake. Anthu anati wapenga. Anamugwira n'kukamutsekera ku Royal Hospital, kumbali ya odwala misala, popanda womufunsa maganizo ake. Chithandizo cha masiku amenewo chinali unyolo ndi chikoti, ndipo iye anazilawa pamodzi ndi odwala anzake.

Atatuluka sanaiwale. Anatsegula nyumba yolandirira odwala ndi osauka, ndipo madzulo ankayenda ndi dengu kuwapemphera chakudya. Anamwalira pa 8 Malichi 1550, atadwala chifukwa cholowa mumtsinje wa Genil kuti apulumutse mnyamata yemwe ankamira. Papa Pius V anavomereza chipani cha abulazala ake mu 1572, ndipo Mpingo unamutchula Woyera mu 1690.

Nkhani yogoneka munthu m'chipatala iye asakufuna idakalipo, ndipo dziko lililonse limaiyendetsa mwanjira yake. Ku Italy lamulo la 1978 linalamula kuti zipatala zakale zotsekeramo odwala maganizo zitsekedwe. Kumeneko pamafunika madokotala awiri ndi chilolezo cha meya, ndipo chilolezocho chimakhala cha masiku 7 asanachiunikenso. Kuno ku Malawi, odwala otere anayamba kusungidwa kundende ya Zomba mu 1910. Lamulo la Mental Treatment Act linabwera mu 1948, ndipo chipatala cha Zomba Mental chinatsegulidwa mu 1953. Abulazala a Yohane wa Mulungu akutumikira odwala maganizo ku Mzuzu, ndipo ntchito yawo inafikanso ku Lilongwe.

Komabe kaya ndi m'tauni kaya ku Nsipe, oyamba kuweruza si dokotala kapena khoti, koma abale. Ndiwo amasankha ngati wodwala apite kwa sing'anga, kumapemphero kapena kuchipatala cha Ntcheu. Ena amamumanga ndi chingwe kuseri kwa nyumba poopa manyazi kapena poganiza kuti analodzedwa.

Zimachitika kuti munthu amafunikadi kupita naye kuchipatala akukana, makamaka pamene angadzivulaze kapena kuvulaza ena. Moyo wa Yohane ukukumbutsa mabanja ndi miphakati kuti zikatero cholinga chikhale kuchiza, osati kulanga kapena kuchotsa chamanyazi pakhomo. Wodwalayo afotokozeredwe zomwe zikuchitika, akamuone ali m'chipatala, ndipo akatuluka apeze malo ake m'banja ndi m'tchalitchi akadalipo. Akanakhala kuti Yohane anaiwalidwa m'chipinda chija, odwala ambiri a ku Granada akanafera pamsewu.