Albert Carré: Mkulu wa Masewero Oimba ku France

Albert Carré anabadwira ku Strasbourg m'caka ca 1852. Anayamba monga wosewera wamba, koma mbiri yace inamveka mu 1898, pamene anapatsidwa udindo woyang'anira nyumba ya Opéra-Comique mu mzinda wa Paris. M'nyumbayi amaonetsa opera, ndiye kuti sewero limene nkhani yace imanenedwa mwa kuimba.

Carré sanakhutire ndi kubwereza masewero akale okha. Mu 1900 anaonetsa Louise, nkhani ya mtsikana wosoka zobvala. Mu 1902 anaonetsa Pelléas et Mélisande, nyimbo zace za Claude Debussy, ndipo panabuka mkangano. Mlembi wa nkhaniyo, Maurice Maeterlinck, anafuna kuti bwenzi lace liimbe mbali ya Mélisande, koma Carré anasankha Mary Garden, wobadwira ku Scotland. Maeterlinck anapsa mtima, nalemba m'nyuzipepala kuti afuna sewerolo likanike. Ena analiseka, koma Carré sanagwedezeke, ndipo sewerolo likali kuimbidwa m'maiko ambiri kufikira lero.

Anatsogolera nyumbayi kawiri, zaka zoposa 20 pamodzi, nasiya mu 1925. Anamwalira ku Paris mu 1938.