Miguel Hernández, mlakatuli woweta mbuzi amene anagwidwa pamalire

Sabata ino pa mbiri ya anthu otchuka tikupita kutali, ku dziko la Spain. Dzina la Miguel Hernández ndi lachilendo kuno ku Insaca, koma zimene anadutsamo si zachilendo. Anakula akuweta mbuzi, nkhondo itatha anawoloka malire wapansi pothawa, ndipo amene anamubweza m'manja mwa adani ake anali apolisi a boma la Salazar, lomwe lija linkalamuliranso Mozambique m'nthawi ya atsamunda.

Hernández anabadwa pa 30 Okutobala 1910 m'tawuni ya Orihuela, kum'mwera chakum'mawa kwa Spain, dera la minda yothirira. Bambo ake ankaweta ndi kugulitsa mbuzi. Mnyamatayo anaphunzira pa sukulu ya ansembe achiJesuit ya Santo Domingo ndipo ankakhoza bwino, koma mu 1925, ali ndi zaka 14, bambo ake anamusiyitsa sukulu kuti azidyetsa mbuzi ndi kuyendetsa mkaka m'makomo. Kubusako ankapita ndi mabuku. Ena ankamubwereka wansembe Luis Almarcha, ena ankawapeza kwa anzake okonda zolemba, makamaka Ramón Sijé.

Apa ndi pamene akatswiri ofufuza zolemba za Chisipanishi akhala akukokana. Kwa zaka zambiri anthu ankakonda kunena kuti Hernández anali mbusa wosauka, wosaphunzira, amene ndakatulo zinkangotuluka mwa iye ngati madzi a pakasupe. Nkhaniyo ndi yokoma kumva, ndipo mwiniwake anaithandizira: atapita ku Madrid koyamba mu Disembala 1931 kukafuna mwayi, ankadzitchula yekha mlakatuli woweta mbuzi kuti olemba akuluakulu amucheukire. Koma ofufuza a pambuyo pake, monga José Luis Ferris m'buku la mu 2002 ndi Eutimio Martín mu 2010, anabwerera ku makalata ndi zolembedwa za m'nthawiyo. Zimene zikuonekamo ndi zakuti banja lake silinali losaukitsitsa, sukulu anaiona zaka zingapo ndithu, ndipo luso lake analikhetsera thukuta powerenga ndi kuyeserera alakatuli akale.

Umboni uli m'buku lake loyamba, Perito en lunas, kutanthauza katswiri wa mwezi, lomwe linatuluka mu 1933 ndipo anasindikiza makope 300 okha. Muli ndakatulo 42 za mizere isanu ndi itatu, zotsata kalembedwe kovuta ka Luis de Góngora, mlakatuli wa m'zaka za m'ma 1600. Zimakamba za zinthu zapamudzi, monga tambala, nkhosa, chitsime ndi ng'ombe yamphongo, koma mozimbaitsa ngati ndagi. Munthu wosawerenga sakanalemba zotere. Mbusayo ankafuna kuonetsa ophunzira a mumzinda kuti masewera awo naye amawatha. Bukulo silinayende malonda, ndipo iye anadandaula m'kalata kwa mlakatuli wotchuka Federico García Lorca. Ife tikuona kuti zimene ofufuzawa anapeza sizimuchotsera ulemu. Mlimi aliyense amadziwa kuti nkhokwe yodzaza imachokera ku khasu, ndiye kunena kuti luso lake linangogwa kumwamba n'kumubera ntchito yake.

Atakhazikika ku Madrid anapeza ntchito kwa José María de Cossío, amene ankalemba buku lalikulu la masewera olimbana ndi ng'ombe, ndipo anapalana ubwenzi ndi alakatuli Pablo Neruda wa ku Chile ndi Vicente Aleixandre. Kumayambiriro kwa 1936 anatulutsa El rayo que no cesa, mphezi yosaleka, buku la ndakatulo za chikondi momwe mulinso maliro a Ramón Sijé, amene anamwalira mu Disembala 1935. Bukuli ndi limene linamutchukitsa. Katswiri Dámaso Alonso anadzamuika ngati wotsatira waluso kwambiri wobwera kumapeto kwa gulu la alakatuli a mu 1927, ndipo mpaka lero ena amati kumuika chonchi n'kumuchepetsa.

Mu Julayi 1936 nkhondo yapachiweniweni inabuka pamene akuluakulu a asilikali, pakati pawo Francisco Franco, anaukira boma losankhidwa. Hernández analowa mbali ya boma. Poyamba ankakumba maenje obisalamo asilikali, kenako ankawerengera anzake ndakatulo kunkhondo komweko, ndipo zambiri zinalowa m'buku la Viento del pueblo, mphepo ya anthu wamba, la mu 1937. Chaka chomwecho, pa 9 Malichi, anakwatira Josefina Manresa, mtsikana wosoka zovala. Bambo a Josefina, amene anali wapolisi, anali ataphedwa mu 1936 ndi anthu a mbali yomwe Miguel ankaimenyera nkhondo. Amene anaona nkhondo ya zaka 16 kuno kwathu akudziwa mmene zotere zimang'ambira banja. Mwana wawo woyamba anamwalira mu Okutobala 1938 ali ndi miyezi khumi, ndipo wachiwiri, Manuel Miguel, anabadwa mu Januwale 1939.

Franco anapambana pa 1 Epulo 1939. Kumapeto kwa mwezi womwewo Hernández anawolokera ku Portugal kudzera m'tchire, pafupi ndi Rosal de la Frontera. Analibe mapepala, analibe ndalama. Olemba mbiri yake amati anayesa kugulitsa wotchi imene Aleixandre anamupatsa ngati mphatso yaukwati, ndipo zimenezi n'zimene zinamuulula. Apolisi achiPwitikizi anamugwira ndi kumupereka kwa apolisi a Franco, amene anamumenya pomufunsa mafunso. Anthu a m'mbali mwa nyanja za Chilwa ndi Chiuta amene anathawirapo ku Malawi anapeza kutsidyako anthu olankhula chinenero chawo, nthawi zina achibale enieni. Hernández anapeza boma logwirizana ndi amene ankamusaka.

Ali m'ndende ya Torrijos ku Madrid analandira kalata ya mkazi wake yonena kuti kunyumba akungodya buledi ndi anyezi, pamene mayiyo akuyamwitsa. Mwamuna wotsekeredwa analibe choti atumize. Analemba ndakatulo yotonthozera khandalo, yomwe lero imadziwika kuti Nanas de la cebolla, nyimbo za anyezi zogonekera mwana. Mawu ake ndi apafupi, mizere yake ndi yaifupi, mulibenso zozimbaitsa zija za Góngora. Akatswiri ambiri masiku ano amati ndakatulo za m'zaka zomalizazi, zimene analemba m'kakope ndi pa timapepala, ndi zimene zimaposa zonse.

Mu Seputembala 1939 anamasulidwa mosayembekezeka. Anzake anamuchenjeza kuti asabwerere kwawo, koma iye anapita kukaona mkazi ndi mwana. Pasanathe masabata atatu anamugwiranso ku Orihuela. Mu Januwale 1940 khoti la asilikali linamulamula kuti aphedwe, koma anzake, kuphatikizapo Cossío, anamupepesera ndipo chilangocho chinasinthidwa kukhala zaka 30. Anamuyendetsa m'ndende za Palencia, Ocaña ndi Alicante, mozizira ndi mwanjala, mpaka anadwala chifuwa chachikulu. Popeza boma latsopano silinkavomereza ukwati wa kwa boma wokha, anavomera kudalitsa ukwati wake ndi wansembe ali chigonere, pa 4 Malichi 1942, kuti mkazi ndi mwana asadzasowe pogwira. Anamwalira pa 28 Malichi 1942 ali ndi zaka 31.

Mu ulamuliro wa Franco zolemba zake zambiri zinali zoletsedwa. Buku la El hombre acecha, lomwe linasindikizidwa ku Valencia mu 1939, analiwononga lisanafike kwa anthu, ndipo linadzatuluka lathunthu mu 1981 kuchokera ku makope amene anapulumuka. Ndakatulo za m'ndende zinatuluka ngati buku ku Buenos Aires mu 1958. Mu 1972 woimba Joan Manuel Serrat anaika zina mwa izo mu nyimbo, Franco akadali moyo. Mapepala amene ofufuza amagwiritsa ntchito lero anasungidwa ndi Josefina, amene anawabisa m'zaka zoopsa zija uku akulera mwana ndi makina osokera. Iye anamwalira mu 1987.