Sarah Bernhardt, Mayi Wosagonja wa ku France

Mwa akatswiri onse a zisudzo amene ndawerengapo mbiri yawo, palibe wondizizwitsa ngati Sarah Bernhardt. Luso adali nalo, koma chimene ndifuna kukusimbirani, anzanga, ndi liuma lake.

Iye adabadwa mumzinda wa Paris mu Okutobala 1844. Mayi ake adali Myuda wochokera ku Holland ndipo sadali pabanja. Adaphunzira pasukulu yogonera komweko ya masisitere ku Grandchamp, pafupi ndi Versailles, kumene adayamba kulakalaka usisitere. Koma bwenzi la mayi ake, Duc de Morny, lidaganiza zina: lidathandiza kuti mtsikanayo alowe sukulu ya zisudzo ya Conservatoire.

M'chaka cha 1862 adalembedwa ntchito ku Comédie-Française, gulu la zisudzo la boma lomwe lidayamba mu 1680. Sadakhalitse. Pamwambo wokumbukira mlembi Molière, mng'ono wake Régina adaponda mwangozi deresi la mayi wina wamkulu m'gululo, ndipo mayiyo adamukankha mwanayo. Sarah adamuwomba mbama mayiyo anthu akuona. Atauzidwa kuti apepese adakana, ntchito n'kuthera pomwepo. Ambiri a ife tikadapepesa msanga poopa kugona ndi njala.

Mu 1866 adalowa gulu la Odéon. Nkhondo ya France ndi Prussia itabuka mu 1870, adani atazinga Paris, iye adasandutsa nyumba ya zisudzo ya Odéon kukhala chipatala, nayamba kusamalira yekha asilikali ovulala. Mtendere utabwerera adatchuka kwambiri m'sewero la Victor Hugo lotchedwa Ruy Blas, mwakuti a Comédie-Française aja adamuitananso mu 1872. Mu 1880 adakangana nawonso, nawachokera. Adamusumira, khoti n'kumulamula kulipira ndalama za ku France zokwana 100,000. Iye adangokhazikitsa gulu lakelake n'kukwera sitima ya pamadzi kupita ku America. Kumeneko ankasewera m'Chifalansa, chinenero chomwe oonera ambiri sankachimva, komabe ankadzaza nyumba kudzamva mawu ake ndi kudzamuona akumwalira m'sewero la La Dame aux Camélias.

Sankalola kuti ukalamba kapena umayi zimusankhire mbali yosewera. Mu 1899, ali ndi zaka 54, adasewera ngati Hamlet, kalonga wachinyamata uja wa Shakespeare. Chaka chotsatira adakhala mwana wamwamuna wa Napoleon m'sewero la L'Aiglon.

Kanema atangoyamba, akatswiri ambiri a zisudzo ankamuyesa chibwana, koma iye adalowamo kale mu 1900. Filimu yake ya 1912 yonena za Mfumukazi Elizabeth ya ku England idapindulitsa Adolph Zukor, yemwe adaionetsa ku America ndipo pambuyo pake adatsogolera kampani ya Paramount. Kwa ine mafilimuwa samuonetsa bwino. Adali opanda mawu, pamene chuma chake chenicheni chidali pakhosi, ndipo kutambasula manja komwe kunkakhudza wokhala kumpando wakumbuyo m'nyumba ya zisudzo kumaoneka konyanya pakanema.

Bondo lake lakumanja lidamuvutitsa zaka zambiri, makamaka atalivulaza podumpha kumapeto kwa sewero la La Tosca ku Rio de Janeiro. Ululu utafika posapiririka, iye mwini ndiye adaumiriza madokotala kuti adule mwendowo. Adaudula mumzinda wa Bordeaux mu Febuluwale 1915, ali ndi zaka 70. Mwendo wamtengo adaukana. Adakonzetsa mpando womunyamulira, ndipo pampandowo adakasangalatsa asilikali a France pafupi ndi kumene kunkamenyedwa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Mu 1916 adawolokanso nyanja kupita ku America, akusankha mbali zosewera atakhala kapena atagona.

Kumayambiriro kwa 1923 impso zidali zitamufooketsa kotero kuti sankathanso kutuluka panja. Ojambula filimu ya La Voyante adachita kubwera ndi makamera awo m'nyumba mwake. Adamwalira pa 26 Malichi 1923 filimuyo isadathe, ndipo mbali zotsala adazimaliza mayi wina womuimira. Anthu zikwizikwi adandanda m'misewu ya Paris pamene maliro ake ankapita kumanda a Père Lachaise.