Alick Nkhata, woimba amene anabweretsa nyimbo za kumudzi pa wailesi

Mumzinda wa Lusaka muli msewu wochoka ku Longacres kulowera cha ku Kalingalinga, umene umadutsa pa nyumba ya wailesi ya ZNBC. Msewuwu unatchedwa dzina la malemu Alick Nkhata, ngakhale kuti achinyamata ambiri okwera minibasi kumeneko sanamvepo mawu awo.

A Nkhata anabadwira ku Kasama m'chaka cha 1922. Atabwerako ku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, anagwira ntchito ndi katswiri wofufuza nyimbo za mu Africa, a Hugh Tracey, amene ankayendayenda ndi makina ojambulira mawu. Ntchito yotere inali itachitikapo ku Hungary kuyambira mu 1906, pamene Béla Bartók ndi Zoltán Kodály ankajambula nyimbo za alimi. Bartók anasandutsa zambiri mwa nyimbozo kukhala zoimba pa piyano, ndipo zina anazijambulitsa akuimba yekha. A Nkhata chida chawo chinali gitala.

Kenaka analowa ntchito pa wailesi ya Central African Broadcasting mu Lusaka, imene inkamveka mpaka ku Nyasaland ndi ku Southern Rhodesia. Inali nyengo ya kawailesi kotchipa kotchedwa Saucepan Special, kamene kanayamba kugulitsidwa mu 1949, motero mawu awo analowa m'makomboni ndi m'midzi momwe. Ankatenga nyimbo zimene anthu ankazidziwa kale, nkuzikonza kuti zigwirizane ndi gitala ndi mawu a anthu angapo oimbira pamodzi. Ankaimba m'Chibemba, m'Chinyanja ndi m'zinenero zina, kawirikawiri mokhudza chikondi ndi makhalidwe atsopano a m'tauni. Luso lawo linali lakuti munthu wa kumudzi ankaizindikirabe nyimbo yake, pomwe wa m'tauni sankachita nayo manyazi. Gulu la Lusaka Radio Band, limene ankaimba nalo, pambuyo pake linadziwika kuti Big Gold Six.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, anapatsidwa maudindo akuluakulu pa zoulutsa mawu ndi zachikhalidwe. Atapuma pantchito anakakhala pa famu yawo ku Mkushi. Kumeneko ndiko anaphedwera mu Okutobala 1978, pamene asilikali a Rhodesia anaukira msasa wa omenyera ufulu a ZIPRA umene unali pafupi ndi famuyo.

Mu 1991 kampani ya RetroAfric ya ku London inasonkhanitsa zina mwa nyimbo zawo zakale m'chimbale chotchedwa Shalapo.