Fritz Haber, wa Feteleza ndi Utsi Wakupha

Aliyense amene anathirapo Urea m'munda wa chimanga anadyerapo nzeru za Fritz Haber, ngakhale dzinali sanalimvepo. Haber anabadwa mu 1868 mumzinda wa Breslau, womwe unali ku Germany koma lero uli ku Poland. Makolo ake anali Ayuda, koma iye atakula anabatizidwa mu mpingo wa Lutheran.

Mu 1909 anapeza njira yotapira nayitirojeni mumpweya womwe timapumawu n'kupanga amoniya, gwero la feteleza. Carl Bosch wa kampani ya BASF ndiye anaikulitsa njirayi, ndipo fakitale yoyamba inatsegulidwa ku Oppau mu 1913. Kale mchere wa nayitireti ankachita kukaukumba ku Chile.

Vuto linali lakuti mchere womwewo ndi umene umapangira onga. Nkhondo itabuka mu 1914, Britain inatseka njira za panyanja kuti Germany asaulandirenso. Zipolopolo zikanamuthera msanga, koma amoniya wa Haber anatseka mpatawo, nkhondo n'kupitirira mpaka 1918.

Chimene chimandivuta kumvetsa n'chakuti Haber sanachite kukakamizidwa. Anadzipereka yekha, ndipo pa 22 Epulo 1915 anatsogolera ntchito yotulutsa utsi wa klorini pafupi ndi Ypres ku Belgium. Ndi klorini yemweyu amene timathira m'madzi kukabuka kolera. Asilikali anafa mobanika m'maenje awo. Patangopita masiku ochepa mkazi wake Clara Immerwahr, yemwenso anali katswiri wa kemisitire, anadziwombera kunyumba kwawo ku Berlin. Haber anabwerera kunkhondo.

Anapatsidwabe mphoto ya Nobel ya chaka cha 1918 chifukwa cha amoniya uja, ambiri akunyinyirika. Hitler atalowa m'boma mu 1933, ubatizo ndi mayunifolomu sizinamuthandize. Kwa a Nazi anali Myuda basi. Anatula pansi udindo, natuluka m'dziko lomwe analitumikira, ndipo anamwalira ku Basel mu Januwale 1934.

Mankhwala a ntchito ziwiri otere akuvutitsabe maboma. Dziko la Iraq litagwiritsa ntchito utsi wa poizoni pomenyana ndi Iran, mayiko angapo anakhazikitsa Australia Group mu 1985 kuti aziunika mankhwala ogulitsidwa kunja. Pamndandanda wawo pali thiodiglycol, wopangira inki, yemwenso amapangira utsi wa mustard. Wofuna kumutumiza kunja amayamba wapempha chilolezo, n'kufotokoza amene akugula ndi chimene akukachita naye.