Thomas Branch, Mbusa Woyamba wa pa Malamulo

Werengani: 2 Timoteo 4:1-5; Mateyu 24:23-27, 36; Aefeso 4:14.

Ife a Sukulu ya Sabata kuno ku Migowi tikamva dzina la Malamulo timaganiza za chipatala, sukulu ndi nyumba yosindikiza mabuku ku Makwasa. Koma malo aja asanatchedwe Malamulo anali munda wa khofi umene unakanika, wotchedwa Plainfield, ndipo amene anasunga Sabata pamenepo zaka zisanu zoyamba, nthawi zambiri ali yekha ndi banja lake, anali Mbusa Thomas H. Branch.

Branch anabadwa mu 1856 ku Missouri m'dziko la America, makolo ake ali akapolo. Ukapolo unathetsedwa kumeneko mu 1865, iye asanakwanitse zaka khumi. Kwa ife okhala m'tsinde mwa phiri la Michesi nkhani ya ukapolo si yachilendo, pakuti mpata wa pakati pa Michesi ndi phiri la Mulanje unali njira ya ogula anthu, ndipo ndi chifukwa chake boma linamangapo linga la Fort Lister mu 1893. Atakula anagwira ntchito pa sitima zapamtunda ku Colorado, ndipo kumeneko iye ndi mkazi wake Henrietta analandira uthenga wa Chiadiventi. Mu 1902, ali ndi zaka 45, mpingo unamuitana kuti abwere kudziko lino pamodzi ndi mkazi wake, mwana wawo wamkazi Mabel ndi anyamata awiri.

Sanabwere okha. Anatsagana ndi Joseph Booth, Mngelezi amene anafika kuno poyamba mu 1892 nayambitsa Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi. Booth ndiye anabatiza John Chilembwe napita naye ku America mu 1897. Anali munthu wokonda Aafirika ndi mtima wonse, wosaopa kudzudzula azungu anzake pa kulanda malo ndi pa msonkho. Pa ichi tiyenera kumlemekeza. Koma pa chiphunzitso sanali wokhazikika. Anayamba ndi Abaptisti, nalowa mpingo wa Seventh Day Baptist umene unatsegula Plainfield, ndipo pamene khofi anakanika, Booth yemweyo anathandiza kuti malowo agulidwe ndi Aadiventi, iyenso nalowa mpingo wathu.

Mavuto anayamba asanafike n'komwe. Pa Chinde, pamene Zambezi amathira m'nyanja, akuluakulu a boma la Britain anatsekereza banja la Branch masiku angapo. Boma linkaopa munthu wakuda wophunzira wochokera ku America, poganiza kuti adzaphunzitsa anthu kuukira. Atawalola, anakwera ndi mtsinje nafika pa Plainfield mu August 1902.

Booth ndi Branch sanagwirizane. Wina mtima wake unali pa mapulani aakulu osintha dziko msanga, wina anadzera kudzaphunzitsa Baibulo ndi Sabata. Pasanathe chaka Booth anachoka. Joseph Watson, amene anatumizidwa mu 1903 kudzathandiza, anamwalira ndi malungo chaka chomwecho, ndipo manda ake ali pa Malamulo. Ntchito yonse inagwera banja limodzi lija. Mayi Branch ankasamalira odwala, Mabel ankaphunzitsa sukulu, ndipo mwini wake ankayang'anira munda ndi kulalikira, onsewo akuphunzira Chimang'anja ndi kudwala malungo mosinthana.

Zipatso zinachedwa. Ubatizo woyamba unachitika mu 1905, patatha zaka zitatu. Pa 14 July 1906 Branch anakhazikitsa mpingo woyamba wa Seventh-day Adventist m'dziko muno, wa anthu 21. Tikaika nambala imeneyi pa lipoti la kotala, ingaoneke ngati ntchito yolephera: zaka zinayi, manda amodzi, anthu 21. Koma awa anali anthu amene anakhala pansi nthawi yaitali akuphunzira chifukwa chake tsiku lachisanu ndi chiwiri lili lopatulika, ndi chimene Malemba amanena ndiponso chimene samanena za kubweranso kwa Yesu.

Kufunika kwa kuchedwa kumeneku kunaoneka posakhalitsa. Mu 1906 Booth analandira chiphunzitso cha Charles Taze Russell wa Watch Tower, amene anawerengetsa kuti maufumu a dziko lapansi adzatha mu 1914. Ku Cape Town Booth anaphunzitsa zimenezi Elliot Kamwana, Mtonga amene anaphunzira ku Livingstonia. Kamwana anabwerera kwawo ku Nkhata Bay mu 1908 nalalikira kuti mu October 1914 Ufumu udzafika, msonkho udzatha ndipo ulamuliro wa azungu udzachoka. Ubatizo wake sunali wodikira kalasi ya zaka. M'miyezi yochepa anabatiza anthu oposa 9,000. Boma linamchotsa m'dziko mu 1909. Pambuyo pake linamsunga m'ukaidi ku Mulanje, boma limene Migowi inali pansi pake masiku amenewo, kenaka linamtumiza kuzilumba zakutali kufikira 1937.

Tisafulumire kuseka anthu 9,000 aja. Msonkho wa nyumba unali wowawadi, ndipo kuno kummwera makolo athu, makamaka Alomwe amene ankalowa kuchokera ku Mozambique, anadziwa kuwawa kwa thangata m'minda ya azungu. Chiphunzitso chonyenga sichigwira munthu pamene ali bwino; chimagwira pachilonda. Uthenga wa Kamwana unali ndi zoona zambiri m'kati mwake: Yesu adzabweradi, ndipo nkhanza idzathadi. Chowonjezera chinali chimodzi chokha, ndicho tsiku. October 1914 anafika, ndipo m'malo mwa Ufumu kunali nkhondo yaikulu imene inatenga amuna ambirimbiri kukasenza mtengatenga. Ife Aadiventi sitingayang'ane zimenezi modzikuza, pakuti makolo athu m'chikhulupiriro anaika tsiku la 22 October 1844 nalira usiku wonse. Mpingo umene unatuma Branch unali utaphunzira kale, ndi misozi, tanthauzo la Mateyu 24:36. Kodi ife tikamva mlaliki wa pa wailesi kapena pa foni akutchula chaka, timayamba kuona kuchuluka kwa omtsata kapena timayamba kutsegula Baibulo?

Branch akanafuna kulalikira uthenga wa mkwiyo, zifukwa anali nazo zoposa za Booth. Anali mwana wa akapolo, anatsekerezedwa pa Chinde chifukwa cha khungu lake, ndipo azungu a m'dziko muno sanaleke kumkayikira ngakhale sanampeze ndi mlandu. Yeso lalikulu linadzera ku mpingo wake womwe. Mu 1907 atsogoleri anatumiza mzungu, Joel C. Rogers, kudzatenga utsogoleri wa mishoni imene Branch anaisunga pa nthawi yovuta. Rogers ndiye anasintha dzina la Plainfield kukhala Malamulo. Sitibisa kuti tsankho la masiku amenewo ndi mantha a boma zinali ndi gawo pa kusintha kumeneku. Branch anapereka ntchitoyo, napita ku South Africa kanthawi, ndipo mu 1908 banja linabwerera ku America, thanzi la Mayi Branch litafooka.

Kumeneko anapitiriza ubusa pakati pa anthu akuda, poyamba ku Colorado, kenaka ku Philadelphia kuyambira 1911. Mayi Branch anamwalira mu 1913. Zinali zaka zimene abusa ena akuda odziwika, monga Lewis Sheafe, anatuluka mu mpingo chifukwa cha tsankho, ndipo madandaulo awo ambiri anali oona. Branch anapita kukamalizira moyo wake ku California, kumene anamwalira mu 1924 ali Mwadiventi.

Mmodzi wa anthu amene analandira Sabata m'masiku a Branch anali mphunzitsi Morrison Malinki, amene poyamba anali wa Booth ndiponso mnzake wa Chilembwe, ndipo anali ndi sukulu zake chakufupi ndi Chileka. Sukulu zimenezo zinakhala za mpingo wathu. Mwana wake, Mbusa James Malinki, anaphunzira pa Malamulo, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 anatumidwa kumpoto kukathandiza kutsegula mishoni ya Luwazi, m'boma lomwe lija la Nkhata Bay kumene anthu anadikira October 1914.