Amedeo Avogadro adamwalira asanaione nambala yotchedwa dzina lake

Ophunzira kemisitiri m'sukulu za sekondale, kaya ku Chitungwiza, Lilongwe, Chipata kapena Tete, amakumana ndi nambala ya 6.022 × 10²³. Nambalayi imadziwika ndi dzina la Amedeo Avogadro, ngakhale kuti iye sadaiwerengerepo pamene adali ndi moyo.

Avogadro adabadwa pa 9 Ogasiti 1776 mumzinda wa Turin, womwe lero uli m'dziko la Italy. Adaphunzira zamalamulo monga bambo ake, koma mtima wake udali pa masamu ndi sayansi, ndipo mu 1809 adayamba uphunzitsi ku Vercelli.

Mu 1811 adasindikiza ganizo lakuti mitundu iwiri ya mpweya ikadzaza zotengera zofanana kukula, kutentha ndi kupanikizika kwake kukhalanso kofanana, chiwerengero cha mamolekyu m'zotengerazo chimakhala chimodzimodzi. Apa adatsegula njira yoyerekezera kulemera kwa tinthu tosaoneka ndi maso.

Akatswiri ambiri a nthawiyo adalinyalanyaza ganizoli. Mu 1820 Avogadro adakhala pulofesa pa yunivesite ya Turin, koma udindowo udathetsedwa zitachitika zipolowe zandale za mu 1821. Adabwererapo patapita zaka zoposa khumi, nkupuma pantchito mu 1850. Adamwalira pa 9 Julayi 1856.

Patangotha zaka zinayi, pamsonkhano wa akatswiri ku Karlsruhe mu 1860, Stanislao Cannizzaro adaonetsa kuti ganizo lija limathetsa mkangano umene udalipo pa kulemera kwa maatomu. Mu 1909 Jean Perrin wa ku France, atayesa kupeza nambalayi, adapempha kuti itchedwe dzina la Avogadro.

Ntchito ya nambalayi ndi yosavuta kumva. Monga dazeni amatanthauza zinthu 12, muyeso wotchedwa mole umatanthauza tinthu 6.022 × 10²³. Wofuna kudziwa ma mole amagawa chiwerengero cha tinthu ndi nambalayi. Mwachitsanzo, mamolekyu a madzi 3.011 × 10²³ ndi theka la mole, pafupifupi magalamu 9. Umu ndi mmene opanga mankhwala ndi feteleza amawerengera tinthuti pogwiritsa ntchito sikelo.

Kuyambira pa 20 Meyi 2019, mgwirizano wa mayiko pa miyeso udakhazikitsa kuti mole imodzi ili ndi tinthu 6.02214076 × 10²³ ndendende.